Abambo a ndevu m'madiresi ofiira: magulu othamangawa amavaliranji chonchi?

Mwezi wa Ogasiti ukafika, pa Facebook ndi pa TikTok pamayenda zithunzi zochokera mumzinda wa New Orleans ku America. Msewu wonse uli psuu, anthu zikwizikwi avala zofiira. Amayi ali m'madiresi, ndipo palibe chodabwitsa pamenepo. Koma pakati pawo pali abambo a ndevu zawo, ena a mimba zawo, atavala madiresi a tizingwe m'mapewa, mawigi kumutu, masokosi ofika m'mawondo, thukuta lili kamukamu, akuthamanga. Woona zithunzizo amafunsa: kodi ndi zionetsero? Ndi chipembedzo chatsopano? Kapena mowa wangowakwera m'mutu?

Mwambowu umatchedwa Red Dress Run, ndipo eni ake ndi gulu la othamanga lotchedwa Hash House Harriers, limene lili ndi nthambi m'maiko ambiri padziko lapansi. Diresilo ndi chimodzi chabe mwa zovala zambiri za gululi, ndipo chovala chilichonse chili ndi ntchito yake. Zina n'zozindikirana eni okhaokha, zina n'zokopa maso a anthu odutsa. Kuti zimveke, tiyambe ndi kumene gululi linachokera.

Hash ndi chiyani?

Mu Disembala 1938, mumzinda wa Kuala Lumpur, m'dziko limene lero ndi Malaysia koma panthawiyo linali m'manja mwa atsamunda a ku Britain, kagulu ka azungu ogwira ntchito m'boma ndi m'makampani kanapangana zoti kazithamanga madzulo kamodzi pa sabata, ndipo tsiku limene linadzakhazikika ndi Lolemba. Amene amatchulidwa kwambiri kuti ndiye mwini ganizoli ndi Albert Stephen Ignatius Gispert, katswiri wowerengera ndalama, yemwe anzake ankangomuitana kuti G. Ena anali Cecil Lee, Frederick Thomson ndi Ronald Bennett. Ankadyera m'nyumba ina ya kalabu ya azungu ya Selangor Club imene ankaitchula monyoza kuti Hash House chifukwa chakudya chake chinali chomwechomwecho tsiku ndi tsiku. Dzina la gulu linachokera pamenepo, n'kuphatikizapo Harriers, mtundu wa agalu osakira akalulu.

Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse inasokoneza zonse. Asilikali a ku Japan atalowa m'dzikomo, Gispert anaphedwa pankhondo ku Singapore mu Febuluwale 1942. Anzake otsala anadzutsanso gululi nkhondo itatha. Chikalata cholembetsera gulu cha mu 1950 chimatchula zolinga zinayi: kulimbitsa matupi a mamembala, kuchotsa matsire a Loweruka ndi Lamulungu, kudzipatsa ludzu lenileni n'kulithetsa ndi mowa, ndi kutsimikizira achikulire kuti sanakalambe monga akudzionera. Pa zolinga zinayizi palibe chonena za kupambana kapena kufika msanga, ndipo mfundo imeneyi ndi imene imafotokoza zovala zonse zimene tikambe.

Nthambi ya ku Singapore inatsegulidwa mu 1962 ndi Ian Cumming. Kuchokera apo mwambowu unayenda ndi asilikali, ogwira ntchito ku maofesi a akazembe ndi antchito a makampani amene ankasamutsidwa dziko ndi dziko. Munthu akafika kumalo kwachilendo, osadziwa aliyense, ankasonkhanitsa anzake angapo n'kuyambitsa nthambi. Lero nthambizi zimawerengedwa kuti zikuposa 1,000, ndipo ku Africa kuno ziliko m'mizinda ngati Nairobi, Harare, Lusaka, Lilongwe ndi Blantyre. Palibe likulu lolamula onse. Nthambi iliyonse ili ndi miyambo yake, ngakhale kuti kuyambira mu 1978, pamene anakumana koyamba ku Hong Kong, amachita msonkhano wa dziko lonse wotchedwa Interhash pakapita zaka ziwiri zilizonse. Eni ake amakonda kudzifotokoza kuti ndi gulu la omwa mowa limene lili ndi vuto lothamanga.

Kalulu, ufa ndi agalu

Kuthamanga kwa Hash n'kosiyana ndi mpikisano wa liwiro umene timaudziwa. Kunachokera ku masewera akale a m'masukulu a ku England a zaka za m'ma 1800, pamene anyamata awiri ankatsogola akumwaza tizidutswa ta mapepala, anzawo n'kumawalondola ngati agalu osaka. Gulu la Thames Hare and Hounds, limene linayamba mu 1868 ku London, linachokera m'masewera omwewo.

Ku Hash, wotsogolayo amatchedwa kalulu. Amanyamula thumba la ufa, choko kapena mapepala odulidwa, n'kumaponya kadzanja kamodzi akayenda mapazi angapo: patsinde la mtengo, pamwala, m'mphepete mwa ngalande. Akafika pamphambano amajambula chizindikiro, kawirikawiri kabwalo kapena mtanda, kutanthauza kuti njira yathera apa, ifunefuneni. Amathanso kuika njira yabodza imene imakathera pachabe. Aliwiro ndi amene amafika poyamba pamphambanopo, n'kubalalika uyu kumanzere uyu kumanja kusaka ufa. Akumbuyo amakuwa kufunsa ngati njira yapezeka. Woipeza amafuula kuti "On-On!", wina amaliza lipenga, gulu lonse n'kukhotera komweko.

Zotsatira zake n'zakuti wothamanga kwambiri amatopa ndi njira zabodza, pamene woyenda pang'onopang'ono amapeza anzake atamusakira kale njira. Onse amafika kumapeto nthawi yosatalikirana. Pampikisano wamba, mnyamata wa zaka 25 ndi bambo wa zaka 60 amaonana poyambira basi. Ku Hash njira imakonzedwa dala kuti asatayane. Palibe wogwira wotchi, palibe mendulo.

Bwalo, mayina ndi milandu ya zovala

Akamaliza kuthamanga amaima mozungulira, ndipo apa m'pamene pali mtima wa mwambo wonse. Bwaloli amaliyendetsa ndi mkulu wa nthambi, amene amatchedwa Grand Master, kapena wina wa udindo wotchedwa Religious Advisor, ngakhale ntchito yake ilibe chochita ndi tchalitchi. Iyeyu amaitana anthu pakati mmodzimmodzi: kalulu wa tsikulo, alendo, obwera koyamba, ndi amene apalamula. Woitanidwa amapatsidwa kapu, anzake amamuimbira nyimbo, ndipo nyimbo ikafika pamalo ake amayenera kugugudiza osapumira. Akalephera kumaliza, zotsalazo amadzikhuthulira pamutu. Mwambowu amautchula kuti down-down. M'nthambi zambiri wosamwa mowa amapatsidwa madzi kapena chakumwa chozizira. M'nthambi zina woweruzidwa amakhazikidwa pachibuma cha madzi oundana mpaka mlandu wake utakambidwa.

Milandu yambiri ya m'bwalomu ndi ya zovala. Wobwera ndi nsapato zatsopano amauzidwa kuti avule imodzi, aithiremo chakumwa, amwere momwemo. Wolowa m'bwalo chipewa chili kumutu, mlandu. Koma mlandu umene umaonetsa bwino maganizo a gululi ndi wovala malaya a mpikisano. Munthu akabwera ndi malaya amene analandira atamaliza marathon, olembedwa dzina la mpikisanowo pachifuwa, amaitanidwa pakati. Kwina kulikonse malaya otere ndi ulemu, umboni wakuti mwini wake anathamanga makilomita 42. Ku Hash amaoneka ngati kudzikweza, kukumbutsa anzako kuti iwe ndiwe katswiri.

Mayina nawo amagwira ntchito yomweyo. Munthu akathamanga ndi gulu maulendo angapo, kapena akachita chinthu chosaiwalika, bwalo limamupatsa dzina latsopano. Sadzisankhira yekha. Nthawi zambiri limakhala lachipongwe, lina lotukwana ndithu, ndipo mwambo umati ukadandaula akupatsa loipa kuposa pamenepo. Kuyambira tsikulo, kazembe, dokotala, msilikali wa nyota zambiri ndi mphunzitsi wa pulayimale onse amaitanidwa ndi mayina a m'bwalo. Pali anthu amene athamangira limodzi zaka zambiri osadziwana mayina a pachiphaso kapena ntchito zimene amagwira. Kwa anthu a maudindo, dzinali limawatchinjirizanso: zochitika kubwalo sizifika ku ofesi Lachiwiri m'mawa.

Zovala za masiku onse

Si tsiku lililonse a Hash amavala madiresi. Pa kuthamanga wamba, chimene chimaoneka msanga ndi masokosi ataliatali ofika m'mawondo, amitundumitundu, ena olembedwa "On-On" m'mbali. Chiyambi chake n'chomveka. Kalulu wabwino amadutsitsa anthu m'tchire, m'matope, m'minga ndi m'madambo, malo amene eni ake amawatchula kuti shiggy, ndipo masokosiwo amateteza miyendo kuti isakalike. M'kupita kwa nthawi anasanduka chizindikiro, moti ngakhale njira ikhale ya m'tauni pa phula lokhalokha, anthu amavalabe.

Chachiwiri ndi kajekete kotchedwa happi. Kanachokera ku Japan, kumene anthu amakavala pa zikondwerero za m'misewu: n'kopepuka, ka manja otambalala, kotsegula kutsogolo. A Hash anakatenga n'kumasokererapo tizikwangwani tansalu. Kalikonse kamanena kanthu: aka n'ka nthambi ya kwawo, aka n'ka Interhash ya ku Cardiff mu 2004, aka n'kosonyeza kuti wathamanga maulendo 100. Jekete la munthu wakale m'gululi limadzaza mpaka kusowa posokerera, ndipo mnzake amatha kuwerenga mbiri yake yonse pongomuyang'ana kumsana. Pakhosi ambiri amavala mkanda wa timikanda ta zilembo tolemba dzina lawo la m'bwalo. Ena, makamaka ku America ndi ku Ulaya, amathamanga atavala kilt, chovala chonga siketi cha amuna a ku Scotland. Pa malaya ndi pa makapu pamakhala chithunzi cha phazi la munthu. Nthambi zambiri zili ndi munthu amene udindo wake ndi kusoketsa ndi kugulitsa zinthu zimenezi.

Amene anaonapo amayi a Mvano atavala yunifomu yawo pamaliro amvetsa msanga. Ukadali patali umadziwa kuti awa ndi amodzi, ndipo ukayandikira sungasiyanitse mkazi wa bwana ndi wogulitsa tomato pamsika. Zolinga za magulu awiriwa n'zotalikirana kwambiri, koma chimene nsalu ikuchita n'chimodzi. Wa Hash wa ku Lusaka akatsika ndege ku Manila atavala jekete lake, amapeza anthu omulandira ngati m'bale tsiku lomwelo.

Diresi lofiira

Tsopano tifike pa diresi. Gulu loyamba la ku Kuala Lumpur linali la amuna okhaokha, ndipo mpaka lero silinasinthe. Nthambi za amayi ndi zosakanikirana zinabwera pambuyo, m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970. Mbiri ya diresi lofiira ili mkati mwa kusintha kumeneku.

Malinga ndi mmene a Hash eni amafotokozera, mu 1987 mayi wina wachitsikana anatsika ndege kum'mwera kwa California kudzacheza ndi mnzake wakale wa kusekondale. Anali atavala diresi lofiira ndi nsapato za gogoda. Mnzakeyo anapita naye kumene nthambi ya ku Long Beach inkathamanga tsikulo. Mmodzi mwa amunawo, poona kavalidwe kake, anamuuza kuti angodikira m'galimoto mpaka iwo abwereko. Mayiyo sanamvere. Analowa m'gulu n'kuthamanga njira yonse, diresi ndi gogoda zili m'thupi.

Chaka chotsatira, pa 12 Ogasiti 1988, nthambi ya ku San Diego inakonza zokumbukira tsikulo. Inamutumizira tikiti ya ndege, ndipo anthu mazanamazana, amuna ndi akazi, anathamanga m'misewu ya mzindawo atavala madiresi ofiira. Nyuzipepala ndi ma TV a ku California anaulutsa nkhaniyo. Mayiyo, amene m'gululi amadziwika ndi dzina loti The Lady in Red, anapempha kuti mwambowu uzichitika chaka ndi chaka ndipo uzisonkhetsa ndalama zothandizira mabungwe achifundo a m'dera. Anamwalira mu Epulo 2013, mwambowo utafalikira kale m'makontinenti onse okhala anthu.

Pali zinthu zitatu zimene zikuchitika mwamuna wa Hash akavala diresilo, ndipo ndi bwino kuzisiyanitsa. Choyamba ndi chikumbutso: amuna avala chovala chomwe chija chimene mmodzi wa iwo anachiona ngati chifukwa chosiyira mkazi m'galimoto. Chachiwiri ndi chomwe taona kale kubwalo, kuchotsa ulemu wa maudindo. Munthu sangadzitukumule kuti ndine bwana mkubwa atavala diresi lomuthina m'khwapa, wigi itapendekeka ndi thukuta. Onse akuoneka oseketsa mofanana, choncho palibe woseka mnzake. Chachitatu ndi ndalama. Anthu 300 othamanga atavala makabudula palibe amene amawacheukira, koma anthu 300 a madiresi ofiira amaimitsa magalimoto, amakopa atolankhani, ndipo chidebe cha zopereka chimadzaza.

Eni ake amanenetsa kuti mwambowu sunena kanthu za chikhalidwe cha munthu pa nkhani za kuchipinda, ndipo sunayambe ngati chionetsero cha ndale. Ena mwa ovalawo ndi abambo apabanja amene diresi agula pa kaunjika wakwawoko kapena abwereka kwa akazi awo, ndipo mawa lake ali pa ntchito ndi taye pakhosi.

Waukulu kuposa yonse ndi wa ku New Orleans, umene unayamba m'zaka za m'ma 1990 ndipo umachitika Loweruka lachiwiri la Ogasiti, nyengo yotentha kwambiri mumzindawo. Olembetsa amayenera kukhala a zaka 21 kupita m'tsogolo, chifukwa ndiwo msinkhu wololedwa kumwa mowa ku America. Ndalama zolembetsera, akachotsapo zogulira chakudya ndi zakumwa, zimagawidwa ku mabungwe ang'onoang'ono a mumzindawo, ndipo okonza amati pa zaka zonsezi apereka madola opitirira 2 miliyoni. Pa misonkhano ya Interhash napo pamakhala tsiku la madiresi ofiira lothandiza anthu a m'dziko lolandira alendolo. Palinso miyambo ina yofanana nawo: madiresi obiriwira cha pa 17 Malichi, tsiku la Patrick Woyera, zovala za Father Christmas mu Disembala, ndi nsalu zoyera zokulunga thupi monga Aroma akale.

Ovala zachilendo amene si a Hash

Zithunzi zina zimene zimayenda pa intaneti si za Hash konse, ndipo anthu amazisokoneza. Pali mipikisano yeniyeni, ya wotchi ndi mendulo, imene inalola zovala zoseketsa kulowamo.

Ku San Francisco kuli Bay to Breakers, wa makilomita 12, umene unayamba mu 1912 pofuna kutsitsimutsa mitima ya anthu pambuyo pa chivomezi chimene chinagumula mzindawo mu 1906. Umachitika mu Meyi. Mu 1986 munalowa anthu pafupifupi 110,000. Kutsogolo kumakhala akatswiri enieni othamangira mphoto, kumbuyo chikhamu cha ovala ngati nthochi, anyani ndi woimba Elvis Presley. Kuyambira mu 1978 muli gawo la anankalizi: anthu 13 omangiriridwa pa chingwe chimodzi, tinyanga kumutu, womaliza ali ndi mbola kumbuyo, onse akuthamanga ngati chamoyo chimodzi. Ena mwa magulu amenewa ndi aliwiro zedi. Palinso kagulu kovala ngati nsomba za salmon kamene kamayambira kumtunda n'kumathamanga mopenyana ndi khamu lonse, kutsanzira mmene nsombazo zimakwerera mtsinje kukaikira mazira.

Ku France, m'dera la minda ya mphesa pafupi ndi Bordeaux, Marathon du Médoc wakhala akuchitika mu Seputembala kuyambira mu 1985. Ndi makilomita 42 athunthu, malo ndi a anthu pafupifupi 8,500, ndipo chaka chilichonse okonza amalengeza mutu wa zovala. M'njira muli malo opitirira 20 olawirako vinyo, ndipo chakumapeto amagawa nyama ndi nkhono za m'nyanja.

London Marathon, umene unayamba mu 1981, ndiwo unamanga zovala ndi zachifundo pamodzi kwambiri. Kuyambira mu 1992 anthu akhala akuthamanga atavala chipembere chathunthu, mutu ndi nyanga, kusonkhetsera bungwe la Save the Rhino. Mu 2002 Lloyd Scott anavala chovala chakale cha omira pansi pa nyanja, cha chipewa chachitsulo ndi nsapato za mtovu, cholemera makilogalamu opitirira 50, ndipo anatenga masiku opitirira asanu kuti amalize. Mu 2019 wina wovala chovala chooneka ngati nsanja ya wotchi ya Big Ben anakanika kudutsa pachipata chomalizira chifukwa chovalacho chinatalika, mpaka womuthandiza anachita kumuweramitsa.

Kusiyana kwake ndi uku. Ku London munthu amavala kuti aoneke yekha pakati pa anthu masauzande, anthu amukumbukire ndi kupereka ndalama, kapena alowe m'buku la Guinness World Records monga wothamanga kwambiri atavala chakutichakuti. Ku Hash onse amavala chofanana kuti pasakhale woonekera.

Mafunso amene sanayankhidwe

Vuto loyamba ndi lakuti msewu si wa othamanga okha. Mu Ogasiti 2007, mumzinda wa New Haven ku Connecticut, a Hash awiri anamwaza ufa pamalo oimika magalimoto a sitolo ya IKEA. Anthu a ku America anali asanaiwale makalata okhala ndi ufa wa tizilombo ta matenda a anthrax amene anapha anthu mu 2001. Sitolo inatsekedwa, anthu anatulutsidwa, apolisi ndi akatswiri a mankhwala oopsa anafika, ndipo awiriwo anatsegulidwa mlandu. Kuyambira nthawi imeneyo nthambi zambiri za m'mizinda zimadziwitsa apolisi pasadakhale, zimathira mtundu mu ufawo kapena zimangogwiritsa ntchito choko. Mabomba ataphulika pa Boston Marathon pa 15 Epulo 2013, okonza mpikisanowo analetsa zovala zophimba nkhope ndi zotukumuka kwambiri. Ku San Francisco, madandaulo a eni nyumba za m'njira, okhudza zinyalala ndi anthu okodza m'makomo mwawo, anachititsa kuti mowa ndi ngolo zokongoletsa ziletsedwe pa Bay to Breakers. Ena amati malamulowa akupha chimene chinkakometsa miyamboyi. Ena amati chisangalalo cha tsiku limodzi sichiyenera kukhala katundu wa amene sanaitanidwe. Malire ake ali pati, mzinda uliwonse ukuyesabe kupeza.

Lachiwiri ndi la kukula. Ku New Orleans, anthu ambirimbiri amangovala zofiira n'kudzaza m'mabala a ku French Quarter, dera lakale la mzindawo, osalembetsa, choncho palibe khobidi lawo limene limafika ku mabungwe achifundo. Okonza akhala akudandaula za zimenezi kwa zaka. Koma diresi lofiira lilibe mwini, ndipo msewu ndi wa aliyense. Kodi mwambo wa kagulu ukasanduka chikondwerero cha mzinda wonse, umakhalabe wa amene anauyambitsa?

Lachitatu ndi la thanzi. Chovala cholemera chimasunga kutentha m'thupi. Mu 2018, pamene London Marathon inachitika pa tsiku lotentha kuposa zaka zonse za mpikisanowo, madigiri opitirira 24, okonza anachenjeza ovala zachilendo kuti aganize kawiri. Nanga mowa? Oikira kumbuyo Hash amati gululi limatulutsa m'nyumba anthu amene sakanapita ku jimu ngakhale tsiku limodzi, ndipo limathetsa kusungulumwa kwa munthu wokhala kuchilendo. Otsutsa amati kugugudiza mowa anzako akuimba ndi kukakamizana, ngakhale atanena kuti madzi alipo, ndipo pambuyo pake anthu omwewo amayendetsa magalimoto kubwerera kwawo.

Lachinayi likukhudza amayi. Nkhani ya diresi lofiira ndi ya mkazi amene anakana kusiyidwa m'galimoto, komabe nyimbo zambiri za m'bwalo ndi mayina ambiri amene amaperekedwa ndi otukwana, ndipo kawirikawiri chotukwanidwacho ndi thupi la mkazi. Amayi ena a m'gululi amati nthabwalazo zimagwera aliyense mofanana ndipo iwo amabweza moto. Ena amati ndi zimene zimathamangitsa atsikana obwera koyamba. Nthambi zina zalemba malamulo okhudza ulemu ndi chilolezo, zina zimati Hash ilibe malamulo. Palinso ofunsa ngati mwamuna wovala diresi kuti anthu aseke akulemekeza mayi uja, kapena akunena kuti chovala cha mkazi n'choseketsa mwa icho chokha.

Lomaliza ndi la malo. Gululi linabadwira m'kalabu ya atsamunda, ndipo m'maiko ambiri a ku Africa ndi ku Asia linayamba ngati la azungu obwera kudzagwira ntchito, ngakhale kuti m'mizinda ngati Nairobi ndi Kuala Lumpur eni dziko ndiwo achuluka tsopano. Chovala chimene ku San Diego n'choseketsa chabe, kwina chimamveka mwina. Ku Malawi, lamulo la Decency in Dress Act la mu 1973 linkaletsa amayi kuvala mathalauza ndi masiketi aafupi mpaka nthawi imene dziko linkalowa m'ndale za zipani zambiri, ndipo mu Januwale 2012 amayi ena anavulidwa m'misewu ya Lilongwe ndi Blantyre chifukwa cha mathalauza omwewo. Kumene kavalidwe kali ndi mbiri yotere, gulu la abambo a madiresi likadutsa pamsika kapena pafupi ndi mzikiti silingayembekezere kuti aliyense aona nthabwala. Nthambi zina m'maiko osunga mwambo zimachitira tsikuli pamalo otchingidwa, zina zimavomereza malaya ofiira m'malo mwa diresi. A Hash ena amati kutero n'kulemekeza eni mudzi. Ena amafunsa kuti, ngati diresi lachotsedwa ndipo anthu odutsa sakuonanso kanthu, ndalama zachifundo zija zichokera kuti, ndipo chotsalacho chikusiyana bwanji ndi kuthamanga kwa Lolemba lililonse?